Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Zotsatira Zitatuluka

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nkhani yoyezetsa magazi ija, yoona ngati ndinatengera matenda a Huntington kwa amayi, inatha bwanji. Zikomo nonse amene munandilembera, makamaka inu amene nanunso mukusamalira kholo lodwala matenda a Huntington.

Mukukumbukira mmene amayi anayambira: kugwetsa makapu, mapewa kumangodzigwedeza okha, mpaka kulankhula ndi kumeza kunavuta. Adokotala anatiuza kuti vuto lili pa jini imodzi (kachidutswa ka malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo) ya pa kromozomu 4 (umodzi mwa mitolo imene majini amakhalamo), ndipo mwana aliyense wa kholo lodwala akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Zaka zinapita ndisanalimbe mtima kukayezetsa. Achibale amene ankandinena kuti ndine wamantha amve lero: mankhwala ochiza matendawa kulibe, ndipo ukadziwa wadziwa basi, sungabwezenso. Ndinali ndi ufulu wodikira.

Tinapita limodzi ndi achemwali kukamva zotsatira. Mlangizi wa za matenda otengera kwa makolo anali atatifotokozera kale kuti amawerenga kuti kachigawo kotchedwa CAG kabwerezedwa kangati mu jiniyo. Kakafika 40, matenda adzabwera ndithu, nthawi zambiri munthu ali ndi zaka zapakati pa 30 ndi 50. Kakapanda kufika 27, palibe choopa.

Aliyense analowa yekha. Nambala yanga sinafike 27. Ndinakhala duu pampando, kudikira chimwemwe, koma sichinabwere. Nditatuluka ndinawapeza achemwali pabenchi, pepala atalipindapinda, maso ali pa zala zawo. Panalibenso chofunsa. Iwo ndi amene anayamba, "Nanga iwe?" Mawu anandikanika, ndinangopukusa mutu. Anandikoka n'kundikumbatira, nati, "Bola iwe, ana ako apulumuka." Analankhula mochokera pansi pa mtima, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Mimba imodzi, bere limodzi, nanga ine ndinachita chiyani kuti ndisiyidwe?

Abambo a ana ankafuna tisangalale, ine tulo osabwera. Foni ya achemwali ikalira ndinkachita manyazi kuyankha, ndipo chabwino chilichonse chikandichitikira ndinkawabisira. Komanso moyo wanga wonse ndinali nditaukonza ngati wa munthu wodzadwala, moti za ukalamba sindinaziganizirepo. Mlangizi anandiuza kuti kudziimba mlandu kotere kumagwira ambiri amene apezeka alibe vuto la pa jiniyo pamene m'bale wawo ali nalo. Kumva zimenezo kunandimasula pang'ono, ndipo ndinapitiriza kukaonana naye.

Inu amene munalemba kuti tiwayezetse msanga ana a achemwali, ndikudziwa kuti munanena mwachikondi, koma ayi. Kuyeza kotere sachita kwa mwana wosadwala amene sanafike zaka 18, chifukwa katunduyo adzasenza ndi iyeyo, ndiye asankhe yekha akadzakula. Achemwali akugwirabe ntchito, zizindikiro sizinayambe. Anandipempha kuti ndidzakhalepo tsiku louza mwana wawo woyamba za matendawa, ndipo za tsikulo ndidzakuuzani m'gawo likudzali.