Mango olumidwa ndi mleme aja

Semesita ino tili ndi kosi ya matenda ongobuka kumene mwa anthu, ndipo kunena zoona ine ndimaona ngati ndi zoloweza basi, Ebola 1976, SARS 2002, MERS 2012, Covid 2019, kulemba mayeso nkuiwala. Koma nkhani ya matenda a Nipah yandikanirira mmutu sabata yonseyi.

Ku Malaysia mu 1998 anthu oweta nkhumba anayamba kudwala, thupi kutentha, mutu kuwawa, ena kukomoka osadzukanso. Poyamba ankati ndi Japanese encephalitis ija imabwera ndi udzudzu, anapopera mankhwala koma anthu nkumangomwalirabe, mpaka anazatulukira kuti ndi kachilombo kena, ka Nipah, komwe kamakhala mu mileme ikuluikulu yodya zipatso ija, chonsecho mlemewo uli bwinobwino sudwala ayi. Mitengo ya zipatso inali pafupi ndi makola, ndiye usiku mileme ikabwera kudzadya, zotsala zamalovu zija nkugwera mkhola, nkhumba nkutola, munthu nkugwira nkhumba. Anthu oposa 100 anamwalira, nkhumba zoposa 1 miliyoni anachita kuzipha kuti mliri uthe.

Apa ndinatseka kaye notsi. Kwathu khola la nkhumba lili pansi penipeni pa mtengo wa mango, ndipo tili ana tinkachita kulimbirana mango olumidwa ndi mleme poti amati ndiye okoma, kungochotsa pomwe padutsa mano nkumadya kkkk. Sindikuti Nipah ili kuno ayi, iyo imavuta ku Asia monga ku Bangladesh ndi India. Koma Marburg, nthenda yofanana ndi Ebola, nayonso ndi ya mmileme, ndipo mu 2023 inabuka ku Kagera ku Tanzania, kwa aneba athu omwewa.

Ndiye mawu oti matenda atsopanowa ine ndayamba kuwakayikira. Kachilomboko kanalipo kalekale mthengomo, ndife tikukalondola, nkhalango tikutha ndi makala, minda ndi makola tikukankhira komwe kumagona nyama. Aphunzitsi akuti mwa matenda 4 aliwonse ongobukawa, pafupifupi 3 amachokera ku nyama.

Dzulo ndinawaimbira amayi za khola lija, anangoseka, akuti mtengowo ndi umene umapatsa nkhumba mthunzi, ngati ndaphunzira kwambiri ndikamange lina ndekha pa holide. Mayeso ndi Lachinayi koma za MERS ndi ngamila zomwe zimaifalitsa sindinaziyambe nkomwe.