Odwala Anga Anapitirira Imfa

Pamene ndinali pasukulu ku Scotland, dziko limene matenda a multiple sclerosis, owononga mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, ndi ofala kwambiri, ndinapatsidwa ntchito yoyerekeza magulu awiri a odwala amene ankalandira mankhwala osiyana. Kukula kwa ulumali wawo kunayezedwa ndi sikelo ya EDSS imene John Kurtzke anafalitsa mu 1983. Pa 0 dokotala sapeza vuto lililonse, pa 6 munthu amayenda ndi ndodo, pa 7 amadalira njinga ya olumala, ndipo 10 ndi imfa.

Ndinasankha t-test, njira ya ziwerengero yoyerekezera avereji ya magulu awiri, chifukwa ndi imene dzanja langa linazolowera, ndipo kompyuta, imene sikana ntchito ngakhale yopusa, inatulutsa nambala yotchedwa p yochepera 0.05, imene anthu amaitenga ngati chizindikiro chakuti kusiyana kwa maguluwo sikunangochitika mwangozi. Chimwemwe chinanditseka maso, moti m'mawa mwake ndinaima pamaso pa madokotala a mitsempha nditavala suti, n'kulengeza kuti avereji ya gulu lachiwiri inali 11 ndi kanthu.

Pulofesa wina, mayi wachikulire, anakweza dzanja mwaulemu wonse. "Bambo," anatero, "popeza 10 ndi imfa, tiuzeni ngati odwala anuwa anamwalira kenako n'kudwalanso, chifukwa ine ndakalamba pantchito ino koma sindinakumanepo nawo." Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ine thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira chotero. Tinapeza pomwepo kuti amene analowetsa manambala ankalemba 99 paliponse pamene wodwala sanabwere kudzayezedwa, ndipo avereji inameza ma 99 onsewo popanda kutsamwa.

Ndinkayembekeza kuti kuchotsa ma 99 kundipulumutsa, koma mayiwo anali asanathane nane. Anafotokoza kuti EDSS imangosanja odwala motsatana, ndipo masitepe ake si ofanana: kuchoka pa 1 kufika pa 2 ndi kusintha kumene mwina dokotala yekha angaone, pamene kuchoka pa 6 kufika pa 7 n'kusiya ndodo n'kukhala panjinga. Kuphatikiza manambala otero n'kugawa kumabala nambala yopanda mwini. Pa magulu awiri osiyana anafuna median (nambala yapakati manambala akasanjidwa motsatana) ndi Mann-Whitney (njira yoyerekezera magulu poyang'ana kusanjika kwa odwala, osati avereji), pa odwala omwewo oyezedwa kawiri anafuna njira ya Wilcoxon signed-rank, ndipo pa kuwerenga kuti matenda ayambiranso kangati anatchula njira ya negative binomial, chifukwa odwala ambiri sayambiranso n'komwe pamene ochepa amayambiranso mobwerezabwereza. Anandikumbutsanso, mosafunikira m'kuona kwanga, kuti William Gosset anapanga t-test mu 1908 akugwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, ndipo balere wofululira mowayo sayenda ndi ndodo.

Nditabwereza ntchito yonse ndi Mann-Whitney, kusiyana kwa magulu awiriwo kunazimirira, ndipo p inakwera kutali ndi 0.05. Anzanga a mu ofesi anasintha dzina la fayiloyo kukhala Lazaro, ndipo mpaka pamene ndinamaliza maphunziro, aliyense wofuna thandizo langa pa ziwerengero ankayamba wafunsa ngati odwala anga adakali moyo.