Mayi wa pa njinga amene ndakumana naye lero

Anzanga, ndangosiyana kumene ndi mayi wina wa ku Kenya pamalo okonzera njinga pano pa Nkhotakota boma. Wapalasa yekhayekha kuchokera ku Nyika, kutsetsereka msewu wa Golodi kuchoka ku Livingstonia mpaka pa Chitimba, kenako kutsata msewu wa M1 mpaka ku Mzuzu, n'kulowa M5 kudutsa ku Nkhata Bay ndi ku Dwangwa. Njinga yake ndinalephera kuinyamula. Zikwama uku ndi uku, tenti kukaliyala, kasitovu, pampu, masipoko osungira atamangidwa ndi mphira. Mabuleki anali atadyeka mpaka chitsulo kuonekera, akuti onse anathera m'makhotakhota a Golodi muja.

Chandikhudza ndi mmene amasimbira za Nyika. Akuti kumtunda kuja, mamita opitirira 2,000, umapalasa tsiku lonse osakumana ndi munthu, ukungoona mbidzi ndi nkhungu basi, m'mawa zala zitauma ndi chisanu. Amayankhula maso akuwala. Ine wobadwira kunyanja kuno, mapiri amenewo ndimangowamvera m'kamwa mwa alendo, ndipo mtima wandipweteka ndithu.

Mawa akulowera ku Salima, kenako akakwere chitunda cha Golomoti mpaka ku Dedza. Achibale a m'njiramo, mukamuona mumupatseko madzi akumwa.