Tsopano tili ndi chipinda chathuchathu ku Braamfontein

Mwezi uno talandira makiyi a chipinda chathu chophunzitsira ku Braamfontein m'Joni muno, koyenda pansi kuchokera pa siteshoni ya sitima ndi mabasi ya Park Station. Ena aona kachipinda wamba ka mipando ndi bolodi. Koma ife amene takhala tikukwera mateksi a m'Joni muno projekita ili pamiyendo, kupempha maholo a matchalitchi ku Rosettenville ndi ku Yeoville, mitima yathu ili mbee.

Timakonza maphunziro a mabungwe omwe si aboma: magulu a zamaliro, sukulu zamkaka, mabungwe a achinyamata ndi makomiti a m'mipingo. Tinayamba chifukwa chotopa ndi maphunziro a kuhotela aja, oti anthu angokhala tsiku lonse maso ali kukhoma, adye nkhuku, asaine alawansi, Lolemba kuntchito zonse zili momwemo. Ife sitilemba phunziro tisanapite kukaona pomwe anthuwo akukakamira.

Mwachitsanzo, lamulo la dziko lino la South Africa la 1997 limati bungwe lolembetsedwa ku unduna woona za chisamaliro cha anthu (Department of Social Development) lizipereka lipoti la ntchito ndi la ndalama chaka chilichonse, pasanathe miyezi 9 chaka chake cha ndalama chitatha, apo ayi likhoza kuchotsedwa m'kaundula. Lamulolo ambiri amalidziwa bwino. Chimawavuta ndi kuyamba kwake. Mayi wina, msungichuma wa sukulu yamkaka ku Alexandra, anabwera ndi malisiti a chaka chonse m'kontena ya ayisikilimu, ena inki itafufutika kale. Tinawayala patebulo, iwo n'kumasanja okha mwezi ndi mwezi, ife tili chete pambali. Pofika madzulo anali atadzaza buku lawo ndi dzanja lawo, ndipo lero lisiti lililonse amalijambula pafoni tsiku lomwelo. Ndiye kaphunzitsidwe kathu kameneko: mubwere ndi mapepala anu enieni, tilankhule Chichewa, Chizulu kapena Chingerezi malinga ndi amene ali m'chipindamo, kenaka tizikutsatirani ndi mauthenga a mawu pa WhatsApp, popeza data kuno si yotsika mtengo. Pakapita milungu ingapo timabweranso kudzaona ngati zagwira.

Covid atatitsekera m'nyumba mu Malichi 2020 tinapulumukira pafoni. Kuzimazima kwa magetsi kwa 2023 kunatizoloweza kuphunzitsa ndi pepala ndi cholembera basi. Chomwe chinatigwetsa pansi ndi cha kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake ku South Africa. Mabungwe ambiri a za Edzi anachotsa antchito, ena anatsekeratu, ndipo ndalama ikachepa m'bungwe, choyamba kudulidwa ndi maphunziro. Ntchito zomwe tinali titagwirizana kale zinagwa motsatizana, ngongole ya makompyuta ili pakhosi. Amene munatikongoza aja, munkatitcha abale pamene zinthu zinkayenda, koma chiwongoladzanja chanu ngakhale wakatapila akanachita nacho manyazi. Nanunso a holo ija m'tauni, dipoziti yathu munadya, tinangokusiyirani Mulungu. Ngongoleyo tinamaliza, wandimva wandimva.

Tithokoze amayi a kunyumba, amene anapirira chipinda chochezera chitasanduka ofesi, mapepala mpaka pansi pa sofa. Abusa ndi akuluampingo amene munatipatsa holo ulere nthawi imene tinalibe ngakhale ya teksi, Ambuye akudalitseni. Achimwene a gulu la zamaliro la ku Turffontein, inu ndinu munayamba kutilipira pamene ena ankati Mmalawi angaphunzitse chiyani. Alongo athu otiphikira nsima ndi chambiko pa tsiku la maphunziro, anyamata onyamula mipando, anzathu a ku Zimbabwe ndi eni dziko amene mumatitchula kwa ena, zikomo kwambiri. Ndi achemwali athu ku Mzimba amene munagulitsa mbuzi kuti tilipire lendi mwezi wovuta uja, sitidzaiwala.

Ngati komiti yanu ili ndi wapampando watsopano, mlembi amene sadziwa kulemba maminitsi, kapena lipoti lomwe latsalira, bwerani tikambirane. Ulendo woyamba wodzaona bungwe lanu sitilipiritsa. Magulu ang'onoang'ono angathe kuphatikizana n'kugawana mtengo, ndipo timaphunzitsanso Loweruka kaamba ka amene muli pantchito mkati mwa sabata. Malo a mwezi wamawa ayamba kale kudzaza, choncho tilembereni msanga pa tsamba lathu la Facebook.