Kumudzi kwa Livingstone, apongozi ali kumbuyo

Apongozi anga atabwera ku Glasgow, ku Scotland, kudzaona mdzukulu wawo, za masitolo analibe nazo ntchito. Iwo ndi mayi wa Mvano wa ku Domasi, ndiye anafuna aone kaye Blantyre weniweniyo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Si patali, ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Nyumbayo ilipobe, chimdadada choyera chimene munkakhala anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje, banja lonse m'kachipinda kamodzi. Zonse zinkayenda bwino mpaka mkazi wanga anawawerengera pakhoma kuti agogo ake a Livingstone sanali a pamenepo, anachoka pa kachilumba kotchedwa Ulva mu 1792 kudzafuna ntchito.

Apongozi anaima chilili. "Ndiye kuno si kwawotu," anatero. "Kuno anangobwerera ntchito. Kumudzi kwawo n'kuti?"

Dziwani kuti ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso. Mawu onse amadzera mwa mwana wawo, ngakhale titakhala m'galimoto imodzi. "Iwe, tawafunsa abambowo ngati kumeneko kumafikika." Ine, mkamwini wofuna dzina, ndinayankha kudzera njira yomweyo: "Muwauze amayi kuti ndikawatsitsa pakhomo penipeni."

Ndinagula kope latsopano. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba usiku, ndiye iwo akagona ine ndinkatsegula mapu pa foni n'kuyamba masamu. Lamulo la kuno limalola galimoto yaing'ono kuthamanga mamailosi 60 pa ola pa misewu ya kunja kwa tauni, choncho mtunda uliwonse ndinkangougawa ndi 60 n'kulemba yankho. Kunyamuka m'mamawa, kudutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kufika ku Oban, kukwera sitima yapamadzi kupita ku Craignure pa chilumba cha Mull, masana kukhala tili ku Ulva. Pa mapu Ulva wachita kugundana ndi Mull, kampata kake n'kosaoneka n'komwe, ndiye pamenepo ndinalemba kuti "mlatho". Anthu amene anamanga mlatho wa ku chilumba cha Skye mu 1995 akanalephera bwanji kamadzi kameneko? Nthawi inatsala yambiri mu kopemo moti ndinawonjezera chilumba cha Iona, kumene Columba, wofalitsa Chikhristu, anafika mu 563, kuti amayi akapemphereko pang'ono tisanakagone ku Tobermory, tauni ya pa Mull. Ndinalembanso nthawi yoyamwitsa mwana, ngati kuti mwanayo tinapangana naye.

Usiku woti mawa tinyamuka ndinamva mthiko ukugunda mu poto. Apongozi ankaphika kamba, nsima ndi nkhuku. Ndinatuma uthenga kuti kuno sitiyenda ndi mapoto, tikadya ku lesitilanti, ndipo zalembedwa kale mu kope. Sanayankhe. M'mawa ndinangodabwa kuti chikwama cha matewera chikulemera ngati muli njerwa, koma ndinalibe nthawi yofunsa.

Ku Oban tinafika mochedwa pang'ono, ndipo ndinalowa pamzere wa magalimoto ndi mtima umodzi. Kunabwera bambo wovala jekete lachikasu n'kufunsa nambala ya malo amene ndinasungitsa. Ndinati ndilipira pompano, ndalama ndili nazo. Anati nkhani si ndalama: mwezi wa June anthu amasungitsiratu malo a galimoto kudakali masiku, ndipo za tsiku limenelo zinali zitadzaza. Ndinayesa zakwathu. Ndinatsitsa mawu, ndinati kagalimoto kanga n'kakang'ono, angokapanikiza pakona, ndili ndi mwana wakhanda komanso apongozi ochokera kutali. Bamboyo anasuzumira kumbuyo, anapereka moni kwa apongozi mwaulemu, n'kundiuza mokoma mtima kuti pakona palibe. Koma anati ilipo njira ina: ndipite kumpoto mpaka pa Corran, ndiwoloke nyanja ya Loch Linnhe pa kasitima kongotenga mphindi zochepa, ndidutse dera la Morvern mpaka ku Lochaline, kumene sitima yopita ku Mull imangotenga amene wafika.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi.

"Muwauze amayi kuti ndasankha njira ya kumapiri, kuti aone dziko."

Dziko analionadi, ndipo pamenepo sindinaname. Mapiri a kumeneko alibe mitengo yambiri, ndi udzu ndi miyala basi, timitsinje tikutsetsereka paliponse, nyanja italowerera pakati pa mapiri. Ungayende nthawi yaitali osaona khomo la munthu kapena mwana woweta ziweto. Nkhosa zimangodziweta zokha, ndipo zikatopa zimagona pa phula chifukwa ndi pofunda. Hutala siziidziwa. Tinaonanso ng'ombe zija za ubweya wautali wophimba maso, ndipo apongozi anaziyang'ana ndi chifundo n'kunena kuti mwini wake ndi waulesi.

Koma msewu ndiye unasintha mawanga. Titakhotera cha ku Lochaline unachepa mpaka kungokwana galimoto imodzi, koma ndi wa opita ndi obwera omwe. Anangoika timalo totambasuka apa ndi apo, pali kachikwangwani pamtengo, poti mudutsanirane. Kamalo kakakhala kumanzere kwako umalowamo, kakakhala kumanja umaima moyang'anizana nako kuti mnzakoyo alowemo. Mukakumana pakati, amene kali pafupi kumbuyo kwake ndiye amabwerera. Mamailosi 60 anga aja anathera pomwepo. Tinkayenda giya yachiwiri, yachitatu, buleki, nkhosa, buleki.

Ubwino wake unali umodzi. Dalaivala aliyense amene mwadutsana naye amakweza dzanja kuthokoza, ena kachala kamodzi kokha pa chiwongolero. Ine ndinkabweza. Atadutsa angapo ndinamva kumbuyo akunong'ona: "Iwe, kodi abambowa ndi odziwika chonchi? Mpaka kuthengo kuno?" Mkazi wanga anangoyang'ana pawindo. Inenso sindinaone chifukwa chosokonezera nkhani ya mayi ndi mwana wake. Ndinangoyamba kukweza dzanja mwaulemu wa munthu amene wazolowera.

Ndiye pa kachitunda kena, pokhota, tinakumana maso ndi maso ndi chilole chonyamula mitengo. Chinaima n'kupuma mpweya, tsiii. Dalaivala wake anandiyang'ana ali m'mwamba muja, anakweza dzanja, n'kuloza kumbuyo kwanga. Kamalo kodutsirana ndinali nditakapitirira, ndipo chilole chodzaza mitengo sichibwerera chifukwa cha mkamwini.

Livesi ndimaitha, funsani aliyense. Koma livesi ya pamalo oimika magalimoto ku Glasgow ndi ina, livesi yotsetsereka pokhotakhota apongozi akukuyang'ana ndi inanso. Kuti ndione kumbuyo ndinayenera kutembenuka, ndipo ndikatembenuka nkhope yanga inkakumana ndi yawo, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatirireni. Iwo anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kudenga, galimoto inayang'ana kumene inafuna. Ndinangomva tayala lakumbuyo likuti fwa. M'mbali mwa misewu imeneyi udzu umaoneka wouma, koma pansi pake ndi chithaphwi chakuda. Galimoto inapendekeka, mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo sinali nthawi imene ndinamulembera mu kope.

Ndinatuluka kuti ndione. Kunja kunali bata, kopanda mphepo, kachinyezi pang'ono, ndipo nyengo imeneyo ndi ya eni dera. Mukamva anthu a ku Scotland akutchula ma midges musamaseke. Ndi tintchentche tating'ono moti kamodzi sukaona, koma timabwera mwa chikhamu, ndipo timalowa m'makutu, m'mphuno, m'tsitsi, m'khosi mwa malaya. Malungo tilibe, chimenecho ndinali nditawerenga, koma palibe pamene ndinawerenga kuti munthu wamkulu angavine pamsewu popanda ng'oma. Ndinadzimenya mbama ndekha, ndinapondaponda, ndinathamanga kuzungulira galimoto. Dalaivala wa chilole anatseka windo lake. Kumbuyo kwake kunayamba kusonkhana magalimoto, ndipo aliyense ankaonera ali m'kati.

Windo lakumbuyo linatsika pang'ono, kampata kongokwana dzanja. Munatuluka chitenje. "Uwauze afunde," anatero mawu m'katimo. "Udzudzu wa kwathu uli ndi ulemu, umayamba wakuimbira. Izi n'zopanda mwambo."

Chinali chitenje cha mpingo, chimene apongozi anali atavala m'chiuno pamwamba pa diresi. Anthu akwathu mukumvetsa zimene ndikunena. Mkamwini salowa n'komwe kuchipinda kwa apongozi, ndiye ine ndinaima pakati pa msewu wa ku Morvern nditadzikulunga kumutu chitenje chawo chidakali chofunda, maso okha ali kunja. Umu ndi mmene anandipezera mlimi wina wachikulire amene anatulukira pa kanjinga kamoto ka matayala anayi, galu atakhala kumbuyo. Sanafunse chilichonse. Anayang'ana tayala, anayang'ana chitenje, anamanga chingwe, n'kutikoka kamodzi kokha. Ndinatulutsa ndalama, anakana. Anangoti chipewa changa n'chabwino kuposa chake. Mkazi wanga akuti foni yake inajambula yokha.

Kuwoloka kuchoka ku Lochaline kupita ku Fishnish sikukwana n'komwe mphindi 20, ndipo titaponda pa Mull mtima unabwerera m'malo. Dzuwa linali pamwamba ndithu. Ndinauza mkazi wanga kuti auze amayi kuti kope likugwirabe ntchito, Iona yekha ndiye tamuchotsa. Chimene chinandipusitsa n'chakuti mwezi wa June kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Wakulira kumene 6 koloko ndi mdima, maso ake amakhulupirira dzuwa kuposa wotchi. Tinadutsa Salen, tinatsata gombe la Loch na Keal pang'onopang'ono, kuima kujambula, kukweza dzanja kwa anthu anga, mpaka msewu unangothera pamadzi.

Ulva anali apo, pafupi moti munthu wa tsidya linalo ungamuitane ndi pakamwa. Mlatho panalibe. Panali kadoko, kashedi, ndi kabokosi ka matabwa pakhoma: ukafuna kuwoloka umakankha kathabwa kuti paoneke pofiira, woyendetsa boti akaona ali tsidya lija amabwera kudzakutenga. Botilo ndi la anthu oyenda pansi. Pachilumbapo palibe msewu wa phula, eni ake amayendera tinjinga ta matayala anayi tija. Ndinakankha kathabwa. Ndinadikira. Ndinakabweza n'kukakankhanso mwamphamvu, mwina kufiirako sikunakwane. Kenako mkazi wanga anandionetsa wotchi. Boti linali litaweruka kalekale, anthu akudya mgonero m'nyumba zawo.

Ku Tobermory tinafika kukuwalabe, nyumba zake zopaka utoto wamitundumitundu zikuoneka bwino pagombe, koma makhitchini onse atatseka. Tinalowa m'chipinda ndi njala ya tsiku lonse. Apongozi anakhala pansi pa kapeti, anakoka chikwama cha matewera, n'kutulutsa kontena yokulungidwa m'matawulo awiri. Sananene kanthu. Anangouza mwana wawo kuti andipatse madzi osamba m'manja, ndipo ntchafu anaikira ine. Nsima yozizira ija ndinaidya mwakachetechete, nkhope yonse ili zitupsya.

M'mawa mwake tinabwerera, kathabwa kanagwira ntchito, ndipo tinawoloka mu mphindi zosawerengeka n'komwe, galimoto itatsala kutsidya. Kuchoka pa doko kupita kumene kunali mudzi wa makolo a Livingstone ndi ulendo wapansi, kanjira kodutsa m'nkhalango ndi m'matope. Ine ndinali nditavala nsapato zopita nazo ku tchalitchi, poti mu kope munalembedwa kuti titsikira pakhomo. Apongozi anabereka mwana ndi chitenje chomwe chija n'kutsogola. Munthu wa zaka zake, koma ndinkangoona msana wawo ukuchepa kutsogolo, ine ndikuzula nsapato m'thope.

Tinapeza mabwinja. Makoma a miyala ofika m'chiuno, opanda denga, udzu utamera m'kati, kutsogolo kuli nyanja. Chilumbachi chinali ndi anthu oposa 500 m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, ambiri akukhalira kuwotcha zomera za m'nyanja, phulusa lake n'kumagulitsa kwa opanga sopo ndi magalasi. Malonda amenewo atagwa, mbatatesi n'kuwola m'minda m'ma 1840, mwini chilumba anathamangitsa anthu ambiri m'nyumba zawo. Pamene anthu a m'deralo ankachigula mu 2018 kuti chikhale chawo, okhalapo sankakwana n'khumi omwe. Ndinafotokoza zonsezi mokweza, kudzera mwa mkazi wanga, kuti zidziwike kuti kope lija silinali la masamu okha.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Anazungulira bwinja limodzi, anagwira mwala, anapemphera pang'ono. Kenako anapukusa mutu.

"Munthu wotchuka chonchija, dzina mpaka pa mizinda, osabwera kudzamangako ngakhale kanyumba ka malata kumudzi?" Anakonza mwana kumsana, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tawafunsa abambowo. Ya ku Domasi ija anati afika nayo pati?"

Inali pa windo. Mwezi uno ndatumiza za malata, ndipo uthenga wabwera kudzera mwa mkazi wanga kuti amayi akuti misomali ndaiwala.