Musanyoze mpira wa m'holo

Ndangomva kumene anthu akulimbikira kuti wosewera mpira wa m'holo sangaphunzitse timu ya pa kapinga, ndipo zikundikanika kumvetsa. Nanga Preki, katswiri wa mpira wobadwira ku Serbia? Anafika ku Tacoma Stars, timu ya mpira wa m'holo ya ku America, mu 1985, kukasewera mpira wa anthu 6 mbali iliyonse m'bwalo lotchingidwa ndi matabwa. Mu 1992 anapita ku Everton, kenako anasankhidwa wosewera wopambana onse mu MLS, ligi yaikulu ya mpira wa pa kapinga ku America, kawiri, 1997 ndi 2003. Mu 2007, akuphunzitsa timu ya mu MLS ya Chivas USA, anamusankha kukhala kochi wabwino koposa wa chakacho.

Munthu wotere akamasaka osewera amaona zomwe ena amaziphonya. Kodi mnyamatayo amayamba wacheuka mpira usanamufike? Akaulandira, amaukankhira kumene kulibe mdani kapena umangomufera m'miyendo? M'holo malo ndi ochepa, ukangochedwa pang'ono akulanda.

Vuto lilipo ndithu. M'holo amasinthana pafupipafupi, mwina mphindi ziwiri zokha munthu watuluka, ndiye mpweya wa mphindi 90 umawathera, komanso ofusayidi sanaizolowere. Wosaka osewera asamangowerenga zigoli. Amutengere mnyamatayo pa kapinga, amuone ngati akubwerabe kudzatchinga ikamakwana mphindi ya 70.