Zaka zisanu tikudzutsa magitala pa Ndirande

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chitsegulireni kashopu kathu kokonza magitala amagetsi. Tinayambira pakhonde pa amalume, ndi tebulo limodzi, ma Allen key komanso tuner yobwereka. Lero magitala a mabandi ndi a m'matchalitchi amachita kudikirana pakhoma.

Ambiri akamafika amati, "Akulu, gitala yanga yafa mawu, mundisinthire ma pickup," kutanthauza tizida totola mawu a nsambo. Ine ndimayamba ndayang'ana kaye pa bridge, pomwe nsambo zimatsamira. Saddle, kachitsulo ka pa bridge komwe nsambo imakhalapo, ikamagwedera, kapena ikachita dzimbiri ndi thukuta la dzanja, mawu amazima msanga, ngakhale mutagula amplifaya ya ndalama zingati. Pa gitala ya Les Paul, bridge ija ya Tune-o-matic yomwe kampani ya Gibson inayamba kuikapo mu 1954 imaima payokha, tailpiece, chitsulo chogwira mapeto a nsambo, ili kumbuyo kwake. Ena amamanga tailpieceyo mpaka pansi poganiza kuti mawu akhalitsa, osaona kuti nsambo zayamba kukhudza m'mphepete mwa bridge. Gitala ya Stratocaster ndiye ili ndi khalidwe lake: bridge imakokana ndi masipuling'i obisika kumsana kwa gitala. Mukangoika nsambo zonenepa, bridge imadzuka, nsambo n'kutalikira ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), mwini wake n'kumalumbira kuti khosi lapindika. Tikakhazika zonsezi bwino timamvera pa fret ya 12. Mawu akakwera mopyola, saddle timaibwezera kumbuyo pang'onopang'ono mpaka atakhazikika.

Phunziro la bridge ndinalilipira modula. Chaka chachiwiri ndinatenga ndalama ya katapila n'kuitanitsa katoni ya ma bridge kwa mkulu wina wa ku Joni. Pachithunzi ankawala ngati galasi. Atafika, kungowanyamula m'manja ndinamva kupepuka, koma poti ndalama inali itapita kale ndinangodzilimbitsa mtima n'kuyamba kumangira anthu. Chitsulo chake chinali chofewa moti pasanathe miyezi nsambo zinali zitakumba timing'alu takuthwa pa ma saddle. Lolemba lina m'mawa mnyamata woimba lead patchalitchi china anandipeza ndikutsegula shopu. Sanalankhule zambiri, anangoika nsambo ziwiri zoduka patebulo n'kunena kuti, "Zadukira pakati pa nyimbo ya chopereka, mpingo wonse ukundiyang'ana." Manyazi a tsikulo sindidzawaiwala. Onse amene ndinawamangira ndinawaitana mmodzimmodzi n'kuwasinthira ulere, ndipo gitala yangayanga ndinaigulitsa kuti wakatapila asiye kugogoda kwathu. Mkulu wa ku Joni uja mpaka lero sayankha foni, koma pa WhatsApp timamuona ali online, akutsatsabe katundu yemweyo. Katoni yanu ilipo bwana, tinaisandutsa chopondera.

Ndikuthokoza amalume, omwe anapirira phokoso pakhonde pawo osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Mayi a kunyumba, inu munagulitsa mandasi chaka chonse chija kuti ana adye, Mulungu akudalitseni. Anyamata anga awiri a pashopu, amene pano amazindikira saddle yogwedera ndi khutu lokha, zikomo. Abusa ndi atsogoleri a makwaya amene munabweranso pambuyo pa chipongwe chija, komanso mnyamata wa lead uja, yemwe lero ndi amene amatibweretsera makasitomala ambiri, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji.

Pano bridge iliyonse ndimayamba ndaimanga pa gitala ya pashopu n'kuiimba ndisanaigulitse. Tili ndi ma saddle achitsulo ndi amkuwa a gitala ya Telecaster, ma Tune-o-matic ndi ma tailpiece ake, masipuling'i ndi nsambo. Amene gitala yanu ili ndi bridge ya Floyd Rose, bwerani nayo m'mawa chifukwa imeneyo imadya nthawi. Mwezi wonse uno kuyeza gitala ndi kwaulere, ndipo ya tchalitchi ikafika Lachinayi, Loweruka masana imakhala yatheka.